Za granite ndi syenite zija

Paja ndinafunsa mmene ndingasiyanitsire granite ndi syenite, popeza miyala yonse iwiri imapangika chiphalaphala chikazizira pang'onopang'ono pansi pa nthaka. Zikomo nonse amene munayankha. Nkhani yagona pa kuchuluka kwa quartz, timiyala tooneka ngati galasi topezeka m'kati mwa miyalayi. Pa tchati cha QAPF chogawira miyala yotere m'magulu, cha katswiri wa miyala Albert Streckeisen, mukawerengera quartz ndi feldspar (timiyala tina totuwa kapena tofiirira ta m'miyalayi) pamodzi, granite imakhala ndi quartz yopitirira 20 peresenti, syenite yosafika 5, ndipo yapakatipo ndi quartz syenite.

Kukanda ndi mpeni musataye nako nthawi, zonse ziwiri n'zolimba. Chandithandiza kuona kuchuluka kwa quartz ndi kachidutswa ka mwala kopalidwa mpaka mamilimita 0.03 pa maikulosikopu. Aphunzitsi akuti tipita ku Mulanje, komwe mitundu itatuyi imapezeka m'phiri limodzi.