Kabokosi ka mbalame ka Griesbaum kasiya kuimba, mvukuto wake umatidwe ndi chiyani?

Akuluakulu odziwa timabokosi ta mbalame zoimba, thandizeni. Kabokosika kadapangidwa ndi kampani ya Karl Griesbaum ya ku Triberg, Germany. Ukakawayinda ndi kiyi n'kukankha kabatani, chivundikiro chimatseguka, kambalame kachidole kamatuluka, kukupiza mapiko, kuyasamula mlomo, n'kubwerera bwinobwino. Koma nyimbo palibe, kumangomveka kuti fuu.

Sipuling'i idakali ndi mphamvu, ndipo pisitoni ya m'kawenzulo ikuyenda osakakamira. Vuto lili pa kamvukuto: chikopa chake chauma n'kung'ambika m'makwinya, mpweya ukuthawa usanafike ku wenzulo.

Kodi chikopa chopyapyala cha zephyr chingakwanire pamenepa, ndipo chimatidwe ndi guluu wanji? Supa guluu ayi, amaumitsa makwinyawo mvukuto n'kulephera kupindika. Nanga timavalavu totseka ndi kutsegula njira ya mpweya m'kati mwa mvukuto, tisinthidwe nthawi yomweyo kapena kungotipukuta fumbi n'kokwanira?