Zikomo, za chakudya cha Chitchaina zija zayenda bwino

Zikomo nonse amene munandiyankha nditafunsa mmene ndingaodere chakudya cha Chitchaina popanda kukweza BP, poti adokotala anandiletsa mchere wambiri.

Ndinatsatira malangizo a mayi aja amene anati ndisiye mpunga wokazinga, ndizitenga wophika wamba, ndipo soy sauce aziika padera. Lachisanu nditaweruka ku Limbe ndinaoda nkhuku yosakaniza ndi masamba, osati ija amaiviika mu ufa n'kuikazinga m'mafuta ambirimbiri. Sosi ndinangothira kasupuni kamodzi. Usiku sindinadzuke ndi ludzu ngati kale, ndipo m'mawa mphete sinandithine chala. Ndinasangalala kwambiri.

Anzanga a vuto ngati langa, muziwauziratu pafoni asanayambe kuphika, chifukwa sosi akangothira m'poto basi, sangachotsenso. Komanso chakudyacho amapakula chambiri. Theka ndinasunga m'firiji n'kudya Loweruka masana.