Ndithandizeni abale, mng'ono wanga akuuma akaona kamera

Abale anga a kuno ku Harare, ndili ndi vuto ine. Ndimasoka madiresi a chitenje ku Mufakose, ndiye ndimafuna zithunzi zoti ndiziika pa WhatsApp makasitomala aziona. Ndinamutenga mng'ono wanga, ndi wamtali bwino komanso kunyumba ndi munthu wa nthabwala kwabasi, tinapita ku Harare Gardens Loweruka masana. Koma inu! Kamera itangomuloza basi mwana wauma gwa ngati chitsa, mapewa m'mwamba, manja sakudziwa awaike pati, kumwetulira kwake ngati akujambulitsa chithunzi cha pasipoti. Dzuwa nalo linali paliwombo, maso kutsinzina kokhakokha.

Wojambula anati tizipita cha m'ma 4 koloko dzuwa likapepa, zimenezo ndamva. Nanga nkhope ija titani nayo? Wina akuti timuikire nyimbo aziyenda ndi kuzungulira ndi diresi, wina akuti azipuma kwambiri kaye kenako kutulutsa mpweya asanajambulidwe. Inu amene munajambulitsapo, chimakuthandizani n'chiyani kuti musamaoneke ngati mwachita kukakamizidwa? Loweruka likubwerali tikabwerezanso maluwa a jakaranda asanayoyoke.