Kodi laibulale yathu ikuphwanya malamulo pochita fotokope ya mabuku ndi poonetsa kaundula wa obwereka?

Mlembi wa komiti ya laibulale, Mulanje

Ndikupereka moni kwa nonse. Ndine mlembi wa komiti imene imayendetsa laibulale yaing'ono ya m'dera lathu, chapafupi ndi Chitakale, ndipo ndabwera ndi nkhani ziwiri zimene zatisowetsa mtendere.

Yoyamba ndi ya makina a fotokope amene tinapatsidwa ndi akufuna kwabwino. Mayeso a MSCE akamayandikira, ana a Fomu 4 amadzaza chipinda chathu mpaka ena kukhala pakhonde, koma mabuku ena ofunika kwambiri, monga a sayansi, tili nalo limodzi lokha pa phunziro lililonse. Anawa amatipempha kuti tiwajambulire mitu imene akufuna, ena mpaka buku lonse, ndipo timawalipiritsa kangachepe pa tsamba, ndalama imene timagulira mapepala, inki ndi mayunitsi a magetsi. Mwezi watha mphunzitsi wina anatiuza kuti zimenezi n'zosaloledwa ndi malamulo, ndipo ena m'komiti anakwiya poganiza kuti akutinyoza.

Yachiwiri ndi imene ikundipweteka kwambiri. Kaundula wathu ndi buku lalikulu limene limakhala chotsegula patebulo la pakhomo, ndipo muli dzina la wobwereka aliyense, mudzi wake, nambala yake ya foni ndi buku limene watenga. Bambo wina anabwera kudzafunsa zimene mwana wake wamkazi, wa zaka 19, amawerenga, ndipo mnyamata amene amatithandiza modzipereka anamutsegulira tsamba lake poona kuti ndi kholo. Mtsikanayo anali atabwereka kabuku konena za uchembere wabwino ndi njira zolerera. Kuchokera tsiku limenelo sanapondenso pakhomo pathu, chonsecho anali mmodzi mwa owerenga athu okhulupirika. Ndikupempha amene akudziwa malamulo kuti atiunikire kuti talakwa pati, ndipo tichite chiyani.

Wogwira ntchito m'laibulale wopuma, Luchenza

Bambo mlembi, mphunzitsi uja sanakunyozeni ayi, anakuchenjezani mwachikondi. Lamulo limene likukhudza makina anu ndi Copyright Act ya 2016, imene inalowa m'malo mwa ya 1989, ndipo limateteza umwini wa mlembi pa zimene analemba kwa moyo wake wonse ndi zaka 50 atamwalira. Izi zikutanthauza kuti pafupifupi buku lililonse la sukulu limene lili pa mashelefu anu ndi lotetezedwa, ngakhale munachita kupatsidwa. Anthu ambiri amasokoneza pamenepa: bukulo ngati katundu ndi lanu, mukhoza kulibwereketsa ndi kulisunga, koma mawu amene ali m'katimo akadali a mlembi ndi wosindikiza.

Lamuloli silinaiwale malaibulale ndi ophunzira, chifukwa limapereka mpata wojambula kagawo kochepa pofuna kuti munthu aphunzire payekha. Chimene sichilowa mu mpata umenewu ndi kujambula buku lonse, kapena mitu yambirimbiri, n'kumagulitsa kwa aliyense wobwera, pakuti mukatero mwasanduka osindikiza opanda chilolezo, ngakhale cholinga chanu chili chabwino ndipo ndalamazo sizikupita m'thumba la munthu.

Bungwe loyenera kulilembera ndi COSOMA, limene linakhazikitsidwa mu 1992. Ambiri amalidziwa pa nkhani ya oimba, koma limaperekanso ziphaso kwa amene amachita fotokope ya zolembedwa, ndipo ndalama zake zimafika kwa alembi ndi osindikiza. Alembereni kalata, afotokozereni kuti ndinu laibulale ya m'mudzi yosachita malonda, ndipo afunseni kuchuluka kwa masamba amene mungajambule ndi mtengo wa chiphaso. Yankho lawo lolembedwa mulisunge mu fayilo ya komiti. Pamene mukudikira, siyani kujambula mabuku athunthu, ndipo ngati muli ndi kompyuta musalole kuti pasungidwe mabuku ojambulidwa amene amazungulira pa WhatsApp, chifukwa mlandu wake ndi umodzimodzi.

Mphunzitsi wa sekondale, Thyolo

Zimene anena akuluwa ndi zoona, koma ndikufuna tiyang'anenso mwana amene waima patsogolo pa makinawo. Ambiri mwa ophunzira anga ndi ana a anthu othyola tiyi m'maesiteti, ndipo kholo limene likuvutika kupeza fizi silingagule buku la phunziro lililonse. M'madera ena a Mulanje ndi Thyolo, namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023 anaononga mabuku m'nyumba ndi m'sukulu zomwe. Mwana wotere mukangomuuza kuti lamulo likukana, popanda kum'patsa njira ina, mwamubweza kunyumba chimanjamanja.

Ngakhale zili choncho, sindingalimbikitse komiti kupitiriza, chifukwa ambiri mwa amene amalemba mabuku a silabasi yathu ndi aphunzitsi anzathu a m'dziko momwe muno, ndipo buku lililonse lojambulidwa ndi thukuta lawo limene lapita pachabe. Kusukulu kwathu tinachita chonchi: mabuku osowa tinawachotsa pa obwereketsa n'kuwaika pa shelefu yapadera kumbuyo kwa tebulo, ndipo mwana amatenga kwa maola awiri, n'kuwerengera momwemo, akulemba manotsi pamanja. Poyamba anadandaula, koma kenaka anayamba kukhala m'magulu a anayi kapena asanu pa buku limodzi, wina akuwerenga mokweza pang'ono, ena akulemba. Mulemberenso a National Library Service, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1967, kuwafunsa ngati angakuthandizeni ndi mabuku kapena upangiri.

Mayi wothandiza anthu pa za malamulo, Mulanje

Ine ndiyankha za kaundula, chifukwa kwa ine pamenepa ndi pamene munthu wavulala kale. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wosunga chinsinsi chake, ndipo mtsikana wa zaka 19 ndi munthu wamkulu pamaso pa lamulo, popeza kuyambira mu 2017 mwana ndi amene sanakwanitse zaka 18. Bambo ake anali ndi ufulu wonse womufunsa iye mwini kunyumba, koma analibe ufulu wotsegula kaundula wanu. Sindikumuimba mlandu mnyamata wanu, pakuti kwathu kuno n'kovuta kuti wachinyamata akanize munthu wamkulu pamaso. Cholakwa n'chakuti komiti sinamupatse mawu oti ayankhe nawo.

Tsopano kulinso Data Protection Act ya 2024, imene ikuyang'aniridwa ndi MACRA. Mfundo zake zikuluzikulu n'zosavuta kumva: mutenge kwa munthu zokhazo zimene mukuzifunadi pa ntchito yanu, mumuuze chifukwa chimene mukuzitengera, muzisunge motetezeka, ndipo musazigwiritse ntchito pa china chimene simunagwirizane. Dzina, mudzi ndi nambala ya foni munazitenga kuti muzilondola mabuku osabwezedwa, osati kuti aliyense wofika patebulo aziwerenga. Taganizirani munthu amene wabwereka buku la HIV, kapena mayi amene watenga kabuku ka nkhanza za m'banja, dzina lake lili poyera pamene mnansi wake akusayina mzere wotsatira.

Wina akhoza kubwera n'kutchula Access to Information Act, imene inayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020, n'kunena kuti ali ndi ufulu woona chilichonse. Musachite naye mantha, chifukwa lamulo limenelo cholinga chake n'chakuti anthu adziwe mmene mabungwe akuyendetsera ntchito zawo, ndipo nalo limateteza zinsinsi za munthu wina. Akafunsa mmene mukugwiritsira ntchito ndalama za fotokope, muonetseni. Akafunsa zimene mnzake amawerenga, mukane mwaulemu. Ngakhale atabwera apolisi, apempheni chikalata cha khoti, ndipo woyankha akhale wapampando, osati mnyamata wa patebulo.

Chotsani buku lalikululo pakhomo. Wowerenga aliyense akhale ndi khadi lakelake, makhadiwo azikhala m'kabati yokiyidwa, ndipo amene asiya kubwereka kwa nthawi yaitali makhadi awo muziwaotcha. Kwa ana osakwana zaka 18, kholo lizisayina polembetsa. Ndipo mayi mmodzi wa m'komiti amufunefune mtsikana uja payekha, osati kunyumba kwa makolo ake, akamupepese m'dzina la laibulale.

Mlembi wa komiti ya laibulale, Mulanje

Ndathokoza kwambiri nonse atatu. Ndinawerenga mayankho anu pa msonkhano wa komiti Loweruka, ndipo tagwirizana kuti kaundula achoke patebulo, kalata ya ku COSOMA ilembedwe sabata ino, ndiponso kuti mabuku osowa aziwerengedwa momwemo monga ananenera aphunzitsi. Msungichuma wathu akuda nkhawa kuti ndalama za magetsi zichepa, choncho makinawo apitiriza kujambula makalata, ziphaso ndi mafomu a anthu, zimene si mabuku a eni ake. Mayi wapampando ndi amene adzipereka kukaonana ndi mtsikana uja.

Ndatsala ndi funso limodzi kwa Bambo a ku Luchenza. Tili ndi mnyamata wosaona amene amabwera ndi mlongo wake kuti azimuwerengera, ndipo tinkafuna kujambula mawu a mabuku ena pa foni kuti azimvetsera kunyumba. Ndinamva kuti Malawi analowa m'pangano la ku Marrakesh mu 2017, lothandiza kuti anthu osaona apeze mabuku m'njira imene angathe kuigwiritsa ntchito. Kodi laibulale yaing'ono ngati yathu ingachite zimenezi payokha, kapena tidzere ku bungwe la anthu osaona?