Zinyalala za pamsika wa Lizulu tizitani abale?

Mayi wa kabichi, Lizulu:
Moni nonse. Ine ndimagulitsa kabichi ndi tomato pa Lizulu pano ndiye chomwe chikundisowetsa mtendere ndi zinyalala. Msika ukatha mulu wake umachita kuopsa, masamba a kabichi, tomato wophwanyika, makoko a kachewere ochokera pa chiwaya, majumbo, mabotolo, zonse malo amodzi, ndiye mvula ikangogwa fungo lake anthu otsika mminibasi amachita kugwira mphuno. Ena amangoyatsa moto madzulo koma utsi wakewo ine umanditsokomoletsa usiku onse. Kodi palibe njira yoti zinthuzi zigwirenso ntchito mmalo mongokaunjika kudzala? Amene munayesapo tandiuzaniko.

Mlimi wa ku Bembeke:
Mayi, mtima wandiwawa kumva kuti masamba akuotchedwa pomwe feteleza wafika pomwe wafikapa. Amenewotu ndi manyowa. Ine ndimakumba dzenje lofika mchiuno, pansi ndimayala mapesi, kenako masambawo, ndowe za mbuzi kapena nkhumba, phulusa, kadothi pang'ono, nkuwaza madzi, basi kumangosanjikiza choncho mpaka kudzadza. Pakati ndimazika ndodo, pakapita masiku ndikaizula nkupeza yatentha ndimadziwa kuti zikupsa. Muzitembenuzako, miyezi iwiri kapena itatu zimakhala zakuda bii zonunkhira dothi. Koma tomato kapena kachewere wogwidwa chiwawu musaikemo, mudzatengera matenda kudimba. Chachikulu musankhe majumbo zisanasakanikirane, chifukwa zikangowolerana palibe amalolanso kupisamo dzanja, ndipo jumbo siwola, chaka chamawa mudzakaipeza kukhasu. Ine mbuzi yanga inangoyamba kuonda mpaka kufa, titaing'amba mmimba munali majumbo okhaokha.

Wakabaza, Dedza boma:
Madala anena zoona. Kuonjezerapo amayi, zina ndi ndalama zimenezo. Zitsulo zakutha kuli anyamata amayenda ndi sikelo kugula pa kilo, malata akale amisiri amakhomera mbaula, zitini za aluminiyamu ena amasungunula nkuumba mapoto. Tayala lakutha limatuluka nkhwayira, ma chubu ndi omwe ife timamangira katundu panjingapa. Mabotolo a pulasitiki ndiye musataye nkomwe, azimayi a thobwa ndi oyeza mafuta ophikira amagula tsiku lililonse.

Mayi wa ku Mphate:
Achimwene akabaza pa mabotolopo ndikutsutsaniko pang'ono. Botolo lotoledwa mngalande kapena padzala nkungolitsukuluza kamodzi nkuthiramo thobwa ayi ndithu, kolera ya 2022 ndi 2023 ija sitinaiwale, maliro tinaika ambiri. Likhale losungidwa bwino kuchokera kunyumba, litsukidwe ndi sopo ndi madzi a kolorini, apo ayi ladulidwe pakati mufeseremo mbande za mitengo kapena tomato, ine ndimatero ndipo sindigulanso machubu. Za majumbo opyapyalawa boma linaletsa kale mu 2015, onse osafika ma micron 60 (muyeso wa kukhuthala kwa pulasitiki), makampani anathamangira kukhoti koma Supreme Court mu 2019 inagamula kuti chiletsocho chikhalepo, koma taonani mpaka lero tomato wa mulu umodzi timapatsidwa mu jumbo. Ifenso ogula tili ndi mbali yathu, amayi athu ankapita kumsika ndi dengu kapena kumanga pachitenje, ife tikungopita chimanjamanja.

Mayi wa kabichi, Lizulu:
Zikomo nonse. Amayi a ku Mphate mwandikhudza, inenso majumbowo ndimapereka ndithu chifukwa ukapanda kutero kasitomala amapita kwa mnzako. Ndiyamba kumawafunsa kaye ngati ali ndi chonyamulira. Pabenchi panga ndiika matumba awiri, lina la zowola lina la mapulasitiki, ndipo ndikawauza anzanga awiri oyandikana nawo tizisonkhanitsa pamodzi, kuseli kwa nyumba kwanga malo okumba dzenje alipo. Bambo a ku Bembeke funso limodzi, ine ziweto ndilibe kupatula nkhuku, zitosi zake zingalowe mmalo mwa ndowe za mbuzizo?

Mlimi wa ku Bembeke:
Kwambiri mayi, zitosi ndiye zamphamvu kuposa za mbuzi, mungothira mopyapyala pa mzere uliwonse ndipo mudikire zipse bwinobwino, zaziwisi zimawaula mbewu.