Mabuku akuti tapindula koma ku banki kulibe kanthu

Kontirakitala wa ku Bangula:
Akuluakulu ndithandizeni nzeru. Tatseka mabuku a chaka, wa maakaunti akuti kampani yapanga phindu koma ine ndikayang'ana ku banki kulibe ndi ya dizilo yomwe, anyamata sanalandire ya mwezi watha. Pano kwatuluka tenda ya midadada ya sukulu, akufuna ma audited accounts, tax clearance ya MRA ndi lipoti la zachilengedwe, ndiye mutu wangoima, ndiyambire pati?

Mayi wa maakaunti, Nchalo:
Achimwene phindulo lilipo ndithu koma lili m'matumba mwa anthu ena. Sonkhanitsani ma certificate onse oitanitsira malipiro a ntchito amene munapereka koma sanakulipireni, muphatikize ndi retention, gawo la malipiro limene anakugwirani ngati chikole pa ntchito iliyonse, muona kuti ndalama yanu ili pamenepo. Retention ambiri mumaiiwala, defects period (nthawi yodikira kuona ngati ntchito ili ndi zolakwika) ikatha simulemba kalata yoitanitsa ndiye imangogona konko. Chinanso, withholding tax imene amadula pokulipirani ija, mapepala ake muli nawo? Popanda amenewo muvutika kuichotsera pa msonkho wa chaka, mulipira kawiri.

Kontirakitala wa ku Bangula:
Awiri okha mayi, enawo sindinakatenge. Retention yaikulu ndi ya ntchito imene tinasaina kwacha isanagwe ndi 44% mu November 2023 muja, simenti inakwera tili pa lintel, tinamalizira ndi ngongole ndipo mtima unangoti zii osafunanso kuitsata.

Foromani wa ku Ngabu:
Kaitengeni madala, ndi thukuta lanu limenelo. Za lipoti la chilengedwezo musakongoletse, anthuwa amabwera kudzaona okha pa saiti. Njerwa zootcha anaziletsa pa ntchito za boma kuyambira 2018 ndiye lembani mabuloko angati munaumba, mchenga munkautapa pati, chilolezo cha khonsolo chilipo kapena ayi. Madzi othirira mabuloko muwalembenso, ndi dzuwa la kuchigwa kunoli buloko ukapanda kuithirira m'mawa ndi madzulo sabata yathunthu imafumbutuka m'manja ngati chigumu, ndipo bowser yonyamula madziyo imadya ndalama zambiri zimene sitiziika mu BOQ, mndandanda wa zipangizo ndi mitengo ya ntchito. Koma chimene chimandiwawa ine ndi maenje a gravel. Freddy atadutsa mu March 2023 ndinaona ndi maso angawa dzenje losakwirira litadzaza madzi mpaka m'khosi, ana a sukulu akusambiramo, udzudzu osanena, amfumu anatiitana ndipo tinalibe choyankha. Lanu munakwirira?

Kontirakitala wa ku Bangula:
Limodzi latsala, sindinama. Mawa m'mawa nditumiza tipa ndi anyamata, tijambula zithunzi tisanayambe ndi tikamaliza kuti zilowe mu lipotilo. Kalata ya retention ndilemba usiku uno. Mayi, mafayilo ndikubweretserani Lachitatu, mukhalapo?

Mayi wa maakaunti, Nchalo:
Ndikhalapo. Mutengenso ma bank statement a miyezi 12 yonse ndi malisiti a simenti, olo ofufutika omwe.