"Mvula ikakuona litsiro siikata": kodi agogo aja amandinena kuti sindisamba?

Abale, ndithandizeni kumasulira. Loweruka lapitali ndinatsika minibasi pa Bembeke, ku Dedza, n'kuyamba wapansi ulendo wa kwa amalume. Dzuwa lake la Okutobala lija loswa mtengo, fumbi lili koboo mpaka m'mawondo. Ndisanayende ndi theka la ola, kumwamba kunada bii, kamphepo kozizira n'kuyamba kuuluza masamba. Kenaka china chake chinandigenda pakhutu. Ndinayesa ndi ana a legeni. Ayi ndithu, anali matalala, ena aakulu ngati nzama.

Ndinathamangira pakhonde la nyumba ina ya malata. Phokoso lake simungamvane ndi munthu amene mwakhala naye mphasa imodzi. Agogo a pakhomopo anandipatsa kampando, adzukulu awo ali kalikiliki kutolera matalala m'mbale n'kumabwira ngati masiwiti. Ine apo n'kuti patapata ataduka, shuga wa amalume atasungunukira m'jumbo, foni itazima. Phokoso litachepa ndinawadandaulira kuti sabata yomweyi andiberanso njinga. Iwo anangoseka, amvekere, "Mdzukulu wanga, mvula ikakuona litsiro siikata." Atasuzumira kunja anawonjezera kuti, "Chizimalupsa chake n'chimenechi."

Ndinaseka nawo mwaulemu, koma m'njira monse zimandivuta. Miyendo yanga inalidi mbuu. Ndiye amandigenda mawu, kapena mwambiwu uli ndi tanthauzo lina? Nanga chizimalupsa n'chiyani?

Wa ku Ntcheu: Kikiki, achimwene, sanakunyozeni. Amakupepesani. Kukata ndi kuleka kugwa, monga timanenera kuti mvula yakata. Mwambiwo ukuti mavuto akakupeza amabwera mondondozana, ngati agwirizana kuti asakusiye mpaka athane nawe. Njinga, patapata, shuga, foni. Werengani nokha.

Mphunzitsi wopuma ntchito: Mwayankha bwino, koma litsirolo musalilumphe. Mvula ikugwa pa aliyense, koma mwambi ukuloza amene yamuona kuti ali nalo kale. Wosauka ndiye denga limamusasukira, mwana n'kudwala, mbuzi n'kufa. Ine ndimaumva motero, kuti tsoka limakonda pamene pafooka kale. Za chizimalupsa n'zosavuta mukaligawa: kuzima ndi lupsa. Lupsa ndi tchire lopsa ndi moto wa m'chilimwe. Ndi mvula yoyamba ija, ya Okutobala kapena kumayambiriro kwa Novembala, imene imatsuka phulusa m'thengo. Akuluakulu ankaletsa kudzala nayo chimanga chifukwa ikagwa imatha kusowanso masabata angapo, mbewu n'kupserera m'nthaka.

Mlimi wa ku Kasungu: Thokozani kuti akupezani pano fodya akadali ku nazale. Matalala a mu Januwale amang'amba masamba ngati adyedwa ndi mbozi, mphindi khumi zokha ntchito ya chaka chonse yapita. Ife mwambi umenewu timaunena tikulira, osati kuseka.

Wa ku Ntcheu: Chimene chimandidabwitsa ine n'choti madzi oundana azigwa tsiku lotentha chonchija.

Mphunzitsi wopuma ntchito: Kutenthako ndiye gwero lake. Mpweya wotentha umakwera mwamphamvu n'kukankhira madontho kumwamba kwenikweni kwa mtambo, kumene kumazizira koopsa. Amaundana komweko, n'kumakulirakulira mpaka mphepoyo italephera kuwanyamula.

Wofunsa: Zikomo nonse, mtima wakhala pansi. Komabe aphunzitsi, mwati mvula imaona amene ali nalo kale litsiro, ndiye kuti agogo aja sanalakwitse mbali zonse ziwiri. Foni ija ndinaivundikira mu mpunga masiku atatu, sinayakebe. Chitenje chimene anandibwereka ndikabweza Lamlungu, ndipo ndikawatengera shuga. Ulendo uno ndinyamula ambulera.